Neti yosonkha ku damu

Neti ija ndinailandira ku sikelo ndili ndi pakati. Inali yabuluu. Ndinaimangirira ku mitengo ya denga ndi tizingwe ta chitenje, ndipo khoswe atailuma pakona ndinasokapo kachigamba kofiira. Mwana wanga woyamba anapita ndi malungo asanayambe kuyenda, choncho wachiwiriyu atabadwa sindinkamugoneka pena paliponse koma m'neti.

Tinali titangotuluka m'chilala. Chimanga cha kwathu ku Kanakantapa chinapsa chili m'mawondo. Mvula itabweranso inabwera ndi udzudzu, koma chakudya chinali chikadali m'munda, chosakhwima. Amuna a m'mudzi anayamba kupita ku damu. Ukonde weniweni analibe, ndiye ankasonkha maneti a m'nyumba, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi wa masaka kukhala chinthu chimodzi chachitali, ena kukoka uku ena uko. Lamulo lawo linali lakuti amene sanasonkhe neti sagawiridwa nsomba.

Tsiku lina pochokera kopalira ndinapeza tizingwe tokha tikulendewera.

"Atate ake mwana, neti ili kuti?"

"Nabwereka chabe. Izabwera."

"Nanga mwana?"

"Mwana azadya neti? Iwe bele lauma, siuona?"

Ine pakamwa panga mpolemera chibadwire, ngakhale kusukulu ndinkadziwa yankho koma dzanja osakweza. Komanso sananame, mkaka unali utachepa.

Amuna anga anayamba kubwera ndi tinsomba tonga zikhadabo, tosakanikirana ndi matope. Tina ankagulitsa kwa azimayi opita nato ku msika wa ku Chongwe, tina tinkadya. Apongozi anga ankatisankha m'lichero akuseka mowawa. "Izi ni nsomba kapena ni maso chabe? Damu iyi kale inali na nsomba, imodzi yokha kudzaza mbale."

Tonse tinkadziwa kuti boma limatseka kugwira nsomba nyengo ya mvula kuti ziswane, ndiponso kuti neti ya udzudzu ndi yoletsedwa m'madzi nyengo iliyonse. Wailesi inkanena. Koma wailesi tinkaimvera m'mimba mulibe kanthu.

Mwana anatuluka timatuza ta udzudzu kumaso ndi m'manja. Ndinafukiza ndowe zouma m'nyumba, iye n'kumatsokomola mpaka kufiira maso. Ku sikelo anati maneti ena sanabwere. Ndinkangomugwira pamphumi kosalekeza, ngakhale pakati pa mzere ndikupalira, kumva ngati watentha.

M'mawa wina kunamveka kuti a boma oyang'anira nsomba afika ku damu. Amuna onse anathawira m'chimanga. Ndinabereka mwana n'kuthamangira komweko, osadziwa kuti ndikanena chiyani. Ndinapeza chineti chija achikokera kumtunda, achiunjika, bambo wina atanyamula chigubu cha petulo. Azimayi anzanga anaima patali. Pamwamba pa muluwo ndinaona kachigamba kanga kofiira.

Miyendo inapita yokha. Pakati pa a bomawo panali mayi wovala majombo, ndipo ndinagwada pafupi naye.

"Ba madamu."

Mawu anatuluka aang'ono, moti sanamve. Ndinabwerezanso.

"Bwanji amai, mwabwera kutenga ndiwo?" anatero. Anatapa m'neti dzanja lodzaza n'kundionetsa. Munali tinsomba toonekera m'kati, tina tikadagundagunda, ndi mazira omata ngati phala. "Onani. Neti iyi siisiya kanthu. Mukatsiriza utu tunsomba, chaka cha mawa muzakoka matope. Ndiye muzadya chani?"

"Namvera, ba madamu. Nsomba sinifuna. Nifuna chabe neti yanga, ija ya chigamba."

Ndinamasula chitenje, n'kutembenuza mwana kuti amuone kumaso.

Bambo wa chigubu anapukusa mutu. "Mukamupasa, mawa izabweranso m'madzi. Tiwadziwa aba. Boma ipasa maneti, boma itentha maneti, ndiye nchito yathu."

Mayi uja anayang'ana mwana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba.

"Dulani msanga. Nikaipezanso kuno, nizatentha pamodzi na chitenje chanu."

Azimayi anaseka kumbuyo kwanga. Ndinadula motsata ulusi wa masaka, mwana akulira pansi pomwe ndinamukhazika. Nditangoichotsa anathira petulo. Utsi unali wakuda, wonunkha pulasitiki ndi nsomba. Mnzanga wina, amene neti yake inali momwemo, anafuula kuti, "Nanga yanga?" koma moto unali utagwira kale.

Neti inabwera kunyumba itang'ambika m'malo ambiri, mankhwala ake atatha ndi madzi. Ndinaichapa ndi phulusa, fungo osachoka. Ndinakhala pakhonde ndikutseka mabowo ndi tizidutswa ta malaya akale, mpaka inaoneka ngati ya wamisala.

Amuna anga anatuluka m'chimanga dzuwa litapendeka. Anaima n'kuiyang'ana.

"Anzanga akuti mkazi wako akamba na a boma. Wanichititsa manyazi. A boma sabwera kawiri mwezi umodzi. Tisonkhanso. Nikapanda kusonkha, sanigawira."

Ndinapitiriza kusoka.

Kuyambira pamenepo, kukacha ndinkaimasula kudenga, kuipinda, kuiika kumsana, mwana pamwamba pake, n'kumanga chitenje. Ndinkapita nayo kumunda, kuchitsime, ngakhale kutchalitchi, kumene anthu ankasuntha pa benchi chifukwa cha fungo. Anzawo anasonkhadi, ndipo amuna anga sanagawiridwe. Tinkadya chibwabwa cha masamba a maungu chopanda mchere, iwo osandilankhula. Mkaka unapitirira kuchepa. Mwana ankayamwa, kusiya, kundiyang'ana, n'kuyambanso kulira, koma thupi lake linali lozizira bwino mpaka chimanga chinakhwima.