Uta wa Vayolini wa a Likoswe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi. Ndinali nditangomaliza Fomu 4, ndikukhala kwa azakhali ku Chitawira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi envelopu ya makalata ofunsira ntchito n'kubwerako madzulo nsapato zili mbuu. Lamulungu lina mtsogoleri wa kwaya yathu anandikokera pambali, nati ku Limbe kuli mkulu wina wokonza ndi kugulitsa zoimbira amene akufuna munthu wa khutu labwino. Ndinavomera, koma mumtima ndinkati ndingodikirirapo. Ine ndinkafuna ofesi ya fani ndi mpando wozungulira, osati kashopu konunkha guluu.

Mkuluyo anali a Zuze, bambo wamfupi wosadziwa kufulumira, amene makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale. Shopu yawo inadzaza magitala ndi ng'oma za makwaya. Mavayolini anali ochepa, ogulidwa ndi ana a sukulu ndi akuluakulu ongoimbira kunyumba. Tsiku loyamba anandigwiritsa ndodo ija imene amakhukhuzira nsambo za vayolini.

"Uwu timati uta," anatero. "Anthu amasirira vayolini, koma woimba ndi uwu."

Anandiphunzitsa kusankhira munthu uta wotsika mtengo koma wabwino. Umayamba wauika padiso, monga kalipentala poyang'ana thabwa, kuti uone ngati ndodo sinakhotere kumanzere kapena kumanja. Kenako umapotokola kachitsulo ka kumapeto, kamene kamakunga ubweya, uone ngati kakuyenda bwino. Ubweyawo, wa mchira wa hatchi, ukhale wofanana, wosathothoka. Pomaliza umauyendetsa pansambo pang'onopang'ono kuti umve ngati sukunjenjemera pakati. A Zuze ankati wophunzira safunika uta wodula, afunika uta wowongoka. Kwa ana ankakonda wakuda uja wa kaboni, wolimba kuposa wa mtengo, umene ngakhale ugwe pasimenti sumva kanthu.

Panalinso lamulo limodzi limene linkanditopetsa. Wogula asatuluke asanakunge ndi kumasula uta katatu iwe ukuona. Pokunga, mpata wa pakati pa ndodo ndi ubweya ungokwana pensulo basi, ndipo ndodo ikhalebe yopindikira mkati, cha ku ubweya. Akamaliza kuimba amasule. Ine ndinkaona ngati kutaya nthawi, chifukwa maso anga ankakhalira kumsewu kuwerenga maminibasi opita m'tauni.

Lolemba lina la mu Okutobala a Zuze anapita kumaliro kutsidya kwa malire, n'kundisiyira makiyi. Tsiku lomwelo ndinamva kuti kampani ina ku Chichiri ikulandira makalata mpaka 12 koloko. Ndikuti nditseke, analowa bambo wina wachikulire wa jekete yotuwa, atanyamula vayolini m'chikwama. Anati ndi a Likoswe a ku Nancholi, kalaliki wopuma pantchito. Vayoliniyo inali ya malemu achimwene awo. Chaka chathunthu akhala akuphunzira nyimbo imodzi yokha ya m'buku, kuti adzaimbire mwana wawo wamkazi pa ukwati wake Loweruka la sabata yomweyo. Mphunzitsi wawo, amene ankawabwereka uta ataukonzeratu, anasamukira ku Lilongwe ndi uta wake.

Ankayankhula ngati ali ndi chaka china chathunthu, ine miyendo ikuyabwa. Mauta a kaboni anali atatha, choncho ndinawasankhira wa mtengo. Kusankha ndinasankha bwino, zimenezo ndikhoza kulumbira. Ndinaupaka rozini, utomoni wouma uja umene umachititsa ubweya kugwira nsambo, n'kuukulunga m'nyuzipepala.

"Nanga ubweyawu wakhwepa bwanji, achemwali?" anafunsa ali pakhomo.

"Mukaukunge ndi kachitsuloko, bambo," ndinatero ndikufunafuna loko. "Mukaukunge ngati uta basi."

Kalata ndinakaipereka, ndipo Lachitatu anandiimbira foni kuti ndikaonekere Lachisanu 2 koloko. Sabata imeneyo ndinkayenda osaponda pansi.

Lachisanu masana, nditavala kale siketi yobwereka kwa azakhali, a Likoswe anatulukiranso. Sanandipatse moni. Anangoyala nyuzipepala ija patebulo. Mutu wa uta unali utathyoka, ubweya uli balalabalala ngati ndevu za chimanga.

"Ine ndinakulira ku Thyolo," anatero. "Uta ndaukunga kuyambira ndili mwana, ndikulasa mbalame. Munati ngati uta. Ndinaukunga mpaka unapindikira kunja bwinobwino. Lero m'mawa wangoti thyo."

Ndinautola utawo n'kuuyang'ana. Masiku anayi uli wokungika chotero, m'nyumba ya malata, dzuwa la Okutobala! Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso. Ndinayesa foni ya a Zuze, siinkapezeka. Wotchi inkati 1 koloko yadutsa pang'ono.

"Mwana wanga ndinamulonjeza," anatero a Likoswe, n'kukhala pampando.

Mauta abwino anali atatha m'shopu, koma pansi pa tebulo panali katoni ya mauta asanu amene a Zuze anawakana atabwera ndi katundu. Ndinaikoka. Woyamba padiso, wokhota. Wachiwiri, wokhota. Wachitatu unali wowongoka, koma kachitsulo kake sikankatheka kupotokola. Awiri otsalawo ubweya unali wothothoka. Ndinabwerera kwa wachitatu, ndinazula kachitsuloko ndi pulayala nditakakulunga kansalu, n'kupaka kandulo m'mizere yake monga ndinkaonera a Zuze. Nditakabwezera kanayamba kuyenda.

A Likoswe anatulutsa vayolini, nayendetsa uta pansambo. Zii, osamveka kanthu. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene wanamizidwa kawiri.

"Ndi watsopano, bambo, sunalawe rozini," ndinatero. "Mundidikire."

Ndinakanda rozini ndi kiyi kuti atuluke fumbi, n'kuyamba kupaka, kuchokera kumunsi mpaka kumutu, kubwerera, kupitanso. Ntchito imeneyi siifuna phuma, ukathamanga rozini amatentha n'kuterera. Kunja makondakitala ankakuwa "Tauni! Tauni!" ngati akuitana ine ndemwe. Mwendo wanga unkagwedera pansi pa tebulo. 2 koloko inandipeza ndikupaka, ndipo kunena zoona mtima unandiwawa kwambiri, moti misozi inalengeza. Koma nditawapatsanso uta uja, vayolini inayankha.

Ndinatenga pensulo kuseri kwa buku la malisiti. Ndinawauza kuti akunge mpaka pensulo ingolowa, ayang'ane ndodo ngati ikadali yopindikira mkati, kenako amasule. Anachita katatu. Nditati basi, iwo anachitanso kawiri.

Mawa lake ndinapita ku Nancholi osaitanidwa, n'kukhala benchi yakumbuyo. Kuimba kwawo sikunali kwa katswiri ayi, penapake mawu ankapita pambali, koma nyimbo inatha yonse, mkwatibwi akupukuta m'maso. Itatha, abusa anatsegula buku kuti apitirize. A Likoswe sanakhale pansi. Anaimirirabe kutsogoloko, mpingo wonse ukudikira, n'kumasula uta wawo pang'onopang'ono mpaka ubweya unakhwepa.

Lolemba ndinawaonetsa a Zuze uta wothyokawo ndi kuwafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andilanda makiyi. Anautembenuza kawiri m'manja.

"Sanathyole ndi bambo aja," anatero. "Wathyola ndi pakamwa pako. Katenge tsache."

Kampani ija siinandiimbirenso. Kwa a Zuze ndinakhalako zaka zinayi, ndipo lero ndili ndi kashopu kangakanga kokonzera zoimbira. Kusakhazikika sikunandithere, mwendo umagwederabe. Koma ndinaphunzira kuti mawu amene kwa ine ndi dzina chabe la katundu, wogula amafika nawo kunyumba ndi kuwachita monga akuwadziwira. Choncho munthu akagula uta kwa ine, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi gogo, kaya minibasi ikumusiya, ndimatseka chitseko ndi phazi n'kumupatsa pensulo.