Digiri Yovundika ya Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanyoza amayi anga pamaso pa alendo, ndipo mawu amene ndinawanyoza nawo sanali anga n'komwe.

Tinkakhala ku Bangwe. Amayi ankaphunzitsa kusekondale ndi dipuloma, ndipo kwa zaka zambiri ankangoona achinyamata amene anawalandira okha pantchito akuwadumpha pa maudindo chifukwa cha digiri. Atamva kuti yunivesite ina m'tauni ikulandira anthu a dipuloma kuti amalize digiri m'zaka ziwiri m'malo mwa zinayi, analembetsa. Makalasi ake ankachitika Loweruka tsiku lonse, Lamulungu masana, ndi holide yonse yathunthu.

Digiri imeneyo ndinadana nayo. Tsitsi langa anayamba kundiluka ndi mayi wina woyandikana nafe, amene ankakoka ngati akuzula udzu. Tebulo linadzaza mapepala moti tinkadyera pamiyendo. Ndikafuna kunena kanthu, amayi ankangokweza dzanja, maso ali m'buku.

Koma amene ankadana nayo kuposa ine anali azakhali anga a Esinati, alongo awo a bambo, a ku Machinjiri. Mwana wawo anali m'chaka chachisanu akulimbana ndi digiri ya zaka zinayi, chifukwa koleji yake inkangotsekedwatsekedwa. Azakhaliwo akabwera kwathu ankandipeza kuseri ndikutsuka mbale, n'kumalankhula ngati akudzilankhulira okha.

"Digiri ya zaka ziwiri inayamba liti? Imeneyo ndi nthochi yovundika. Kunja chikasu, m'kati mwala."

Lamulungu lina kunyumba kunabwera alendo a kumpingo, azakhali analiponso. Masana ake kwaya yathu ya ana inkaimba kutchalitchi, ndipo sabata yonse ndinali nditawachonderera amayi kuti akandione. Anawathirira alendo tiyi, anayang'ana wotchi, n'kupepesa kuti akuthamangira kalasi. Ndinaima pakhomo.

"Pitani ku digiri yanu yovundikayo," ndinatero. "Aliyense akudziwa kuti ndi yabodza."

Azakhali anayang'ana m'kapu, milomo ikugwedera ndi kuseka. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa azakhali.

"Alamu, zikomo pondiphunzitsira mwana."

Anandikankhira pambali ndi chikwama, n'kutuluka.

Sanandimenye. Sabata yonse ankangondilankhula pondituma. Loweruka m'mamawa anandivundukula bulangete.

"Vala. Ukaone kumene amavundikira."

Tinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka m'tauni, osalankhulana. Kalasi yake inali yotentha, yonunkha choko ndi thukuta, yodzaza anthu akuluakulu, ena aimvi. Anandikhazika kumbuyo pa mpando wachitsulo n'kundiponyera kope.

"Chilichonse cholembedwa pa bolodi ulembe. Ukangosinza, sabata yamawa ubweranso."

Mphunzitsi woyamba anakweza buku lonenepa ngati njerwa. "Ili anzanu a zaka zinayi amaliwerenga teremu yonse. Inu mulimaliza mwezi uno. Amene akuona kuti zathina, chitseko ndi icho."

Palibe anadzuka. Atatuluka mphunzitsiyo analowa wina, bolodi lisanafufutidwe n'komwe. Pofika masana zala zanga zinali zitauma. Mayi wina ankatuluka kukayamwitsa mwana amene mng'ono wake anamubweretsa pakhonde, n'kubwerera akufunsa zimene zamupita. Bambo wina anaimirira kukhoma ola lathunthu kuthawa tulo. Chakudya chathu chinali mandasi awiri ndi madzi a pampopi. Amayi, amene kusukulu kwawo ana ankawaopa, ndinawaona akudzudzulidwa chifukwa cholakwa yankho, iwo n'kungoti, "Pepani, ndiwerenganso."

Tinatuluka dzuwa litapendeka. Mu minibasi anandilanda kope, n'kuona pamene zolemba zanga zinathera, patsamba lachisanu ndi chimodzi.

"Ndiye wati bwanji? Yapsa, kapena ndi yaiwisi?"

Ndinayang'ana pawindo, ndidakali wokwiya. Ndinali nditaona kuti azakhali ananama, koma zimenezo sizinandibwezere amayi anga.

Digiri ija sinathe m'zaka ziwiri. Amayi analephera phunziro limodzi, analibwereza, ndipo anamaliza patatha zaka ziwiri ndi theka. Azakhali nkhani imeneyo anaifikitsa kwa wachibale aliyense. Tsiku lovala gauni sanabwere, ndipo mpaka lero awiriwo amangopatsana moni pa maliro. Amayi anakwezedwa pantchito chaka chotsatira. Ine sindinapepese, iwonso sanandifunse.

Lero ndine mayi, ndipo anzanga kuntchito amandifunsa ngati digiri yofulumira imathadi msanga. Ndimawauza kuti papepala imatha msanga, koma ntchito yake sachotsapo ngakhale tsamba limodzi. Zaka zimene amati zadulidwa zimachokera m'nyumba: m'masiku a Loweruka, m'holide, kwa ana amene akudikira pakhomo. Ndinali ndi chifukwa chokwiyira. Chimene ndinalakwa n'chakuti m'malo monena kuti "Amayi, ndakusowani," ndinabwereka njiru ya munthu wamkulu, n'kubaya nayo munthu amene anali atatopa kale.