Malata Obooka M'ngalande

Mphepo ija inabwera masana, pamodzi ndi mvula yoyamba ya chaka. Ndinali kumsika, ndipo pobwerera ndinapeza nyumba zambiri za kwathu zilibe madenga. Malata anali mbwee m'minda, ena atapindikira m'mitengo ya mango.

Bambo a kunyumba kwathu ndi kalipentala, shedi yawo ili pafupi ndi depoti ya Mzimba. Ine ndine wa ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ukwati. M'mawa mwake mphepo itapita, bambowo anakankhira pambali mabedi amene ankapanga, nauza anthu kuti atole malata onse abwere nawo, awawongolera ulere. Mwini hadiweya, sitolo ya zipangizo zomangira, anatumiza misomali. Dalaivala wina wa lole ya ku Chikangawa ankangotsitsa matabwa otsala pashedipo n'kumapita. Ine ndinanyinyirika, sindibisa, chifukwa mabediwo ndi amene amatidyetsa.

Pafupi nafe pamakhala amayi ena achikulire, amasiye. Denga lawo linapita lonse, ndiye tinawasunga kwathu pamodzi ndi katundu wawo. Mwini hadiweya atamva, anawabweretsera malata atsopano onyezimira.

"Yewo chomene, adada," anathokoza mayiwo m'Chitumbuka, "koma apatseni ena. Ine ndikufuna anga omwe aja."

Ndinapsa mtima. Mitambo inali kudanso tsiku ndi tsiku, zipupa zawo zikunyowa, ndipo mvula ina yamphamvu ikanagwetsa nyumbayo.

"Amama, lata ndi lata," ndinawauza. "Pamulu wonse uja, anuwo muwadziwa bwanji?"

Anandiyankha ndi amuna anga, akuseka: "Ndiwadziwa ine."

Anandikumbutsa nkhani imene ndinaiwala. Malemu amuna a mayiwo atabwera ku Joni anagula malata, koma anakana kulemba kalipentala, ati ntchito yake n'njosavuta. Anakwera okha. Msomali wa lata umakhomedwa pamsana, pamene madzi safika. Iwo anakhoma m'ngalande, mmene madzi amadutsa. Nyumba inayamba kudontha ndi mvula yoyamba, ndipo anthu anawaseka mpaka tsiku limene anamwalira.

Masiku atatu amuna anga ankanyamula lata lililonse kuliyang'anitsa kudzuwa, kufuna mabowo a m'ngalande. Ine ndinkawapititsira tiyi n'kumawanena kuti akuchedwetsa anthu chifukwa cha makani a nkhalamba. Anawapeza onse kupatula limodzi. Lotsalalo linapezeka pakhola la mbuzi la bambo wina, amene analumbira kuti ndi lake. Atamuonetsa mabowo anaseka, nalinyamula yekha pamutu kukapereka.

Tsiku lofolera, amuna anga anakhoma bwinobwino pamsana, kenako anayamba kumata mabowo akale ndi phula. Mayi aja anaima pansi, dzanja lili pachipumi, kuyang'ana. Amuna anga atafika pa lata la pamwamba pa chitseko, mayiwo anawaimitsa.

"Adada, pamenepo bowo limodzi mulisiye."

"Amama, kuti kuzidonthanso?" ndinafunsa ine, mtima utayambanso kukwera.

"Beseni lilipo, mwana wanga. Chaka chilichonse mvula ikayamba malemu ankati, mbwenu mawa ndimata. Pakamadontha ndimamva ngati akunenabe."

Ndinachita manyazi kwambiri. Sabata yonse ndinkaona ngati akuvuta, pamene iwo ankangofuna amuna awo. Amuna anga anatsika ndi chitini cha phula.

Mvula inagwa Lamlungu lotsatira titangoweruka kutchalitchi. Ndinathamangira kwa mayi aja kukaona ngati denga lagwira. Ndinawapeza atakhala pamkeka, m'nyumba muli mouma gwa, beseni lili pamalo pake pafupi ndi chitseko. Anandikodola kuti ndikhale, nandiuza kuti ndisalankhule kaye. Tinakhala awiriwiri, kumvetsera madzi akudontha.