Wotchi Yomwa Mafuta a Makina Osokera

"Inu abambo, belu lanuli mukuimbira anthu kapena atambala?"

Ondikalipirawo anali mtsogoleri wa amayi pampingo pathu ku Midzemba. Anafika akuthamanga, thukuta kamukamu, duku lili m'manja, n'kupeza tchalitchi n'chokhoma. Belu lathu ndi limu ya galimoto yopachika mumtengo wa mango, ndipo woimba ndinali ine. Udindowo ndinaupata chifukwa cha wotchi.

Ndinaigula pakaunjika ku Lisungwi. Inali yopanda batire, yochita kupotokola kamutu ka m'mbali m'mawa uliwonse. Poyamba inkayenda limodzi ndi wailesi. Kenako inayamba liwiro, ine osadziwa.

Ndinawayankha amayiwo kuti foni yawo ndiyo yaulesi. Mawu anakwera, anthu anasonkhana. Akulu a mpingo anadula nkhani: belu likanamanso Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi, chitsulo choimbira apatsa munthu wa foni. Ine kulandidwa belu pamaso pa mudzi wonse? Ayi ndithu.

Ndinayamba ndaganiza kuti mwina ndimapotokola mopitirira. Ndinachepetsa, koma inathamangabe. Lachitatu ndinavala magalasi, n'kuika wotchi m'mbale yoyera, n'kutsegula kumbuyo ndi nsonga ya mpeni. M'katimo muli kagudumu kamene kamapita uku n'kubwerera, ndipo pakati pake pali kasipuling'i kowonda ngati tsitsi, kozungulirazungulira. Mizere yakeyo inali itamatirirana, ikunyezimira. Kasipuling'i kakamatirira kamafupika, kagudumu n'kumabwerera msanga. Ndinanunkhiza. Fungolo ndinkalidziwa.

"Amake mwana! Wagwira wotchi yanga ndani?"

Mkazi wanga sanaimitse n'komwe makina ake osokera.

"Ndine. Loweruka ndikamathira mafuta makinawa, ndimathiranso tcheni cha njinga yanu ndi zitseko. Nanga iyo yokha ndiimane? Inkangoti tike-tike ngati yamva ludzu."

"Munaitsegula ndi chiyani?"

"Mpeni womwewo. Ndipo simunathokozepo."

Ndinadzambatuka mpaka mpando unagwa. Koma njinga yanga siilira, zitseko sizilira. Ndinangotola mpando uja n'kuuimika mwamphamvu kuti amve.

Ndinakapempha tipetulo kwa mnansi wanga wa kabaza, m'kachivindikiro ka botolo. Ndinazula nthenga ya nkhuku, n'kumaviika nsonga, n'kumakhudza kasipuling'i pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Kwa munthu wamtima wapachala ngati ine, imeneyi inali ntchito yolemera kuposa kulima mphanje. Petulo atauma, mizere ija inatakasuka, n'kumatseguka ndi kutsekeka ngati chifuwa cha mwana wogona. Ndinatchera wotchi pa nkhani za masana za pawailesi. Pofika nkhani za madzulo inali itatsogolabe pang'ono. Pambali pa kagudumu pali kamuvi koloza pakati pa chizindikiro chophatikiza ndi chochotsera. Ndinakakankhira kochotsera ndi singano, pang'ono zedi. Singanoyo ndinachita kubwereka kwa wolakwa yemweyo, ndipo anandiuza kuti ndibweze.

M'mawa mwake ndinapita pamango paja, wailesi m'khwapa. Wotchi ndi wowulutsa mawu atagwirizana, ndinamenya limu mpaka mbalame zinabalalika. Amayi anadzaza tchalitchi, nyimbo zinayamba. Mtsogoleri wawo yekha ndiye kunalibe, poti anati belu lanamanso. Ndinapinda mkono wa malaya, n'kuima pakhomo kuwadikira. Atatulukira, duku lili m'manja ngati tsiku lija, ndinatambasula dzanja kuti wotchi aione bwino.

"Mwadzuka bwanji amayi? Lowani, atambala afika kale."