Mbiri ya achemwali anaidula

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi m'balaza la achemwali ku College Park, kuno kutsidya la nyanja. Amayi a kumpingo anali ngundangunda mondizungulira, ena atafunda nsalu kumaso. Tinachezera kuimba, koma motsitsa mawu, poti oyandikana nawo nyumba anali atadandaula kale za phokoso. Thupi silinali m'nyumbamo. Kuno maliro amagona kwa okonza mitembo, ndiye tinkalira titazungulira chithunzi chili patebulo. Zinkandiwawa, koma ndikanatani?

Kusonkha moto pabwalo saloleza. Azibambo anachezera m'galaja akuotha hita, ndipo mpunga ndi nkhuku tinaphikira pa mbaula ziwiri kuseri kwa nyumba, kamvula kozizira kakutiwaza m'khosi.

Achemwali anali mphunzitsi pa sukulu ya boma ya pulayimale. Zaka zimene khoti linalamula kuti mabasi azitenga ana akuda kupita nawo kusukulu zimene kale zinali za azungu okhaokha, iwo anali komweko. Ana obwera pa basiwo ambiri ankangoponyedwa m'kalasi ya ochedwa kumva, osawayesa n'komwe. Achemwali anakana. Ankawayesa okha mmodzimmodzi, ankakangana ndi akuluakulu a sukulu, ndipo madzulo ankayenda m'makomo kuuza makolo kuti asavomere. Pa nkhomaliro ankasakaniza ana pamatebulo mpaka anazolowerana. Matayala a galimoto yawo anabooledwapo pabwalo la sukulu, koma m'mawa mwake anapitabe kuntchito.

Chimene ndinkafuna tsiku limenelo chinali chimodzi: ntchito imeneyi itchulidwe m'mbiri ya malemu, ana awo awiri akumva. Kutangoyera ndinapita kugalaja kukaonana ndi mkulu wa mwambo, bambo wa kumpingo kwathu wogwira ntchito kumaofesi akuluakulu a ku Foggy Bottom, munthu wokonda kumva mawu ake omwe. Ndinagwada n'kupempha. Anandiyankha kuti zimenezo ndi ndale za eni dziko, ife kuno ndife alendo, ndipo pamaliro pakhala anthu ena amene makutu awo amafika mpaka kwathu. Ndinayang'ana alamu anga, amuna a malemu. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Inu ndinu anamfedwa, mayi," anatero mkuluyo. "Kakhaleni pansi. Zolankhula tisiyireni ife."

Ndinabwerera m'nyumba mtima ukutentha.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke n'komwe, ena kuchokera ku Manassas, ena abale athu a ku Zambia, onse atavala makhothi olemera. Titafika kutchalitchi tinapeza basi yakale yachikasu itaima pamsewu. Munatuluka anthu amene ambiri a ife sitinkawadziwa: makolo akuda ndi azungu, anyamata ndi atsikana amene achemwali anawaphunzitsa ali ana, ena ali m'mayunifolomu a kuntchito. Pomalizira anatsika mayi wina wokalamba wakuda, chipewa kumutu, ndodo m'manja, dzanja linalo atagwira duwa limodzi. Mipando yakutsogolo inali yosungira akuluakulu. Olandira alendo anawalozera kumbuyo, pafupi ndi chitseko pomwe pankalowera mphepo. Munthu amene moyo wake wonse ankakana kuti ana ena azikhala kumbuyo, pamaliro ake tinawakhazika kumbuyo ndife.

Mwambo wonse unali m'Chichewa, popanda womasulira. Mbiri itafika ndinatchera khutu. Mkulu wa mwambo uja anatchula mudzi, chaka cha ubatizo, ukwati, maphunziro a alamu ndi udindo wawo, ngati kuti womwalira ndi iwo. Anatchula matenda ndi chipatala. Kenako anati malemu anali mphunzitsi, n'kudumphira kuthokoza magulu amene anabwera kudzapepesa. A m'basi aja sanawatchule.

Kumanda sitinayende wapansi. Tinandondozana pagalimoto nyale zili zoyaka masana, wapolisi wa njinga yamoto ali patsogolo, basi ija ili pambuyo penipeni. Dothi la pamanda anali ataliphimba ndi kapeti wobiriwira, ndipo ogwira ntchito kumandako anatiuza kuti tifulumire, kukubwera maliro ena. Komabe nkhata anaziitana mwa maudindo monga mwa nthawi zonse, aliyense kuyenda pang'onopang'ono, kuwerama, kukonza tayi.

Nkhata zitatha, mayi wokalamba uja anasendera kutsogolo, ndodo ikutitimira m'matope. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anapempha m'Chingerezi, mwaulemu, kuti anene mawu ochepa chabe a zimene aphunzitsi anachitira mdzukulu wake. Mkulu wa mwambo anayang'ana wotchi, anati pepani nthawi yatha, n'kuyambitsa nyimbo.

Ndinadzuka pampando. Amayi awiri anandigwira nsalu mbali zonse n'kundikhazika pansi.

"Musatichititse manyazi pamaso pa anthu," anandinong'oneza mmodzi.

Nyimbo inakwera, mawu anga anamira momwemo. Mayi uja anaima kanthawi mvula ikumugwera, kenako anaika duwa lake pa kapeti uja n'kubwerera. Ngakhale kukwirira sanatilole, thalakitala inkadikira pansi pa mtengo kuti tichoke. Palibe amene anauza a m'basi aja kuti kunyumba kuli chakudya.

Madzulo anthu onse anabalalika. M'nyumba munangotsala fungo la makala ndi mipando yobwereka itatsamira khoma. Alamu anakhala okha m'balaza, nyale yozimitsa. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mapoto pamene mwana woyamba wa achemwali, mtsikana wa ku yunivesite, anabwera kudzaima pambali panga. Chichewa cha m'nyumba amamva, koma cha paguwa chimamudutsa, ndipo kuyankha amayankha m'Chingerezi kuyambira ali wamng'ono. Anandifunsa m'Chingerezi momwemo kuti bambo aja ananena zotani za amayi ake ndi sukulu.

Ndinatseka mpopi kuti alamu amve bwino.

"Anati anali mphunzitsi."

Anadikira kuti ndipitirize. Kenako anatembenukira kubalaza kumene kunali bambo ake, n'kufunsa m'Chichewa.

"Zokhazo, adadi?"