Alendo a Bambo Angus

Lolemba bungwe limene ndimagwirako ntchito yosamalira okalamba linandilembera kalata ya chenjezo. Mlandu wanga? Kulowetsa alendo m'nyumba ya munthu.

Munthuyo ndi Bambo Angus, nkhalamba ya ku Scotland imene ndimaisamalira ku Springfield, kuno kumayiko akunja. Mwana wawo wamkazi amakhala kutali, amangoyang'anira pa kamera ya pakhomo. Mwezi wamawa akuwakonzera phwando lovina magule akwawo. Akuti ceilidh, potchula amati keyili.

Kuvina? Munthu woti ndimachita kumunyamula popita kubafa?

Nditawafunsa ngati akukondwa, anapukusa mutu. "Mwanawe, m'chinenero chathu cha Chigeliki mawu amenewa amatanthauza kucheza. Kwathu anthu ankangotulukira n'kukhala pansi, wina nkhani, wina nyimbo. Zovinazi zinabwera pambuyo. Ine pano wagogoda ndani chaka chino? Wamakalata basi."

Koleji ndinasiyira panjira, koma zimenezi sizifuna digiri. Lamlungu ndinawauza Mayi Nabanda a kutchalitchi kwathu ku Lanham za kusungulumwa kwa nkhalambayi. Lachinayi anatulukira ndi anzawo awiri, zitenje m'chiuno, osaimba ndi foni yomwe.

"Odi kuno! Iwe Chisomo, usatiimike pakhomo ngati apolisi. Agogowo ali kuti?"

Anakhala maola awiri. Anaimba nyimbo za Mvano, nkhalamba nayo n'kuimba yakwawo, mawu akunjenjemera.

"Aa, bambo inu muli ndi mawu!" anatero Mayi Nabanda. "Kwaya yathu ikusowa besi, mubwere Loweruka."

Bambo Angus anaseka mpaka kutsokomola. Miyezi isanu ndi itatu ndili m'nyumba imeneyo, ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Kamera inaona zonse. Mwana wawo anaimbira bungwe.

Sindikumunyoza mwana wawoyo. Anaona anthu atatu achilendo akulowa kwa bambo ake osatha kudziteteza. Inunso mukanachita mantha.

Ndipo tisaseke azungu, nafe tinasintha. Ukafuna kuona m'bale wako ku Greenbelt uyambe watumiza uthenga, iye akuyankhe kuti ali pa shifiti, chaka n'kutha. Amayi amene tinawaitanitsa kumudzi kudzalera ana amangoswera pawindo, kuwerenga magalimoto. Akadzamwalira mpamene tonse tidzapeze nthawi, tidzadzaze nyumba, tidzaimbe mpaka mawu kusasa.

Dzulo ndikuwameta ndevu, Bambo Angus anandigwira dzanja. "Azimayi aja abweranso liti?"

Ntchitoyi ndimaifuna. Inu owerenga, ndiwayankhe chiyani?