Nambala Yomwe Inkayankha Loweruka

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza sukulu ya makompyuta ndinaipeza ku City Centre, m'bungwe lina lomwe linadzaza nsanjika zitatu za nyumba yaitali. M'chipinda cha mawaya tinalimo awiri, ine ndi bambo wina wachikulire amene anayala netiweki yonseyo ndi manja ake. Aliyense ankangowatchula kuti amdala.

Tsiku loyamba sanandilole kukhudza kalikonse. Anandikhazika pampando n'kutenga pepala.

"Munthu akamafuna nyumba muno mu Lilongwe, amayamba wafunsa chiyani, mwananga?"

"Area," ndinayankha.

"Kenako?"

"Nambala ya puloti."

Anati kompyuta nayo ndi chimodzimodzi. Adiresi yake ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, mbali ina ndi dera, mbali ina ndi puloti. Chokuuza pamene dera likuthera ndi nambala yoyambayo. Ikakhala pakati pa 1 ndi 126, imeneyo ndi kalasi A: dera ndi nambala yoyamba yokha, ndipo mapuloti ake ndi mamiliyoni. Kuyambira 128 mpaka 191 ndi kalasi B, dera ndi manambala awiri, mapuloti oposa 65,000. Kuyambira 192 mpaka 223 ndi kalasi C, dera limadya manambala atatu n'kusiya imodzi.

"Ife tili mu C. Yomalizayo imayambira 0 kufika 255, koma 0 ndi dzina la dera lonse, 255 ndi yoitanira aliyense nthawi imodzi. Zotsala ndi 254. Kunja kuno anthu anasiya kale kugawa motere, koma nyumba ino ndinaimanga choncho."

Ndinafunsa za 127, poti anaidumpha. Anaseka pang'ono. "Imeneyo ukagogoda, amene amakuyankha ndi iwe mwini."

Kugogodako tinkati ping. Umalemba adiresi, kompyuta yako n'kutumiza timawu kanayi, ndipo ngati uko kuli makina amoyo amayankhanso kanayi.

Tinagwira limodzi chaka ndi theka. Kenako amdala anagwa m'bafa kunyumba kwawo, anachita sitiroko, pakamwa panatsekeka. Abale anawatengera kumudzi cha ku Mchinji. Anandisiyira makiyi ndi buku lachikuto cholimba momwe analemba nambala iliyonse ndi mwini wake.

Chaka chomwecho bungwe linalemba anthu atsopano, ndipo manambala anatha. Ndinayamba kuyenda desiki ndi desiki, buku m'manja, kusaka nambala za makina omwe anafa kale. Ndinapeza zingapo. Koma pa 61 mzere unali wopanda dzina, amdala anangojambulapo kamtanda ndi pensulo. Ndinaganiza kuti ndi yaulere. Ndisanaipereke ndinagogoda kaye, mwa chizolowezi chabe.

Inayankha kanayi.

Ndinafunsa nsanjika zonse zitatu. Ndinasuzumira pansi pa madesiki, m'sitolo, ngakhale kuseri kwa makabati a mafayilo. Panalibe makina a nambala imeneyo. Ndiye Loweruka lina masana ndinabwera ndekha, mlonda wa pageti n'kunditsegulira. Ndinazimitsa kompyuta iliyonse, pulinta iliyonse, n'kusiya yanga yokha ndi maswichi, mabokosi omwe mawaya onse a netiweki amakumanirana. Nyumba yonse inangoti zii, moti ndinkamva mapepala a pabolodi akugwedezeka ndi mphepo ya pawindo. Ndinagogoda pa 61. Inayankha. Ndinadikira pang'ono n'kugogodanso, ndipo inayankhanso, mochedwerako kusiyana ndi makina a m'nyumbamo, ngati munthu woyankhira kuchipinda china. Ndinatseka chitseko osayang'ana m'mbuyo, ndipo mu minibasi ndinapitirira siteji yanga.

Lolemba ndinalimba mtima. Ndinayamba kuzula mawaya pa swichi imodziimodzi mpaka 61 inasiya kuyankha. Waya wake unali wotuwa, wakale kuposa anzake. Ndinaubwezera n'kuutsatira m'siling'i, pamasitepe akumbuyo, mpaka padenga. Kumeneko unalowa m'kabokosi komangidwa pachitsulo, ndi kambale kotumiza netiweki mumlengalenga, kolozera kumitengo ya cha ku Capital Hill.

Amene anandimasulira anali adalaivala akale a bungwelo. Anayang'ana komwe kambaleko kanaloza n'kugwira pakamwa.

"Uko ndi ku Area 11, kwa abwana akale. Ankakonda kugwirira ntchito kunyumba, ndiye amdala anawalumikizira. Koma achemwali, abwanawo tinaika m'manda zaka zinayi zapitazo. Maliro ake ndinayendetsa ndine."

Tinapita Lachitatu dzuwa lili paliwombo. Msewu wake unali wopanda munthu, mipanda yaitali mbali zonse, maluwa a jakaranda atayoyoka osapondedwa ndi aliyense. Anatitsegulira geti bambo wina wa imvi atavala ovolosi, amene ankasamala maluwa ndi kulondera masana. Anati kwawo ndi cha ku Mitundu ndipo pakhomopo anakhalapo kuyambira ana a abwana ali aang'ono. Nditafotokoza kuti ndachokera ku ofesi kudzaona kompyuta, nkhope yawo inasintha.

"Kudzaona kokha?"

"Kuona kokha, bambo."

"Chifukwa imene ija sitizimitsa. Magetsi akathima, akangobwera ndimathamanga kukayatsa. Amayi amavutika ikakhala chete."

M'nyumbamo munali mdima wa makatani otseka, ndi fungo la polishi. Mipando ya pabalaza inali yofunditsidwa nsalu. Kumapeto kwa khonde la mkati kunkamveka kulira kwa kafani kotopa. Chipindacho chinali chowerengera: jekete pampando, magalasi pamwamba pa nyuzipepala yofiirira ndi ukalamba, kompyuta yoyera yomwe inasanduka yachikasu. Sikirini inali yozima. Koma bokosi lake analitembenuza, kumbuyo kukhala kutsogolo, kuti kagetsi kobiriwira ka pomwe waya umalowera kazioneka. Moyang'anana nako panakhala mayi wokalamba, mkazi wa malemu abwana aja, wovala bwino ngati akupita kutchalitchi.

Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyankha mwaulemu, maso ali pakagetsiko. Kankaphethira mosalekeza, chifukwa ku ofesi makina akamafunsana ndi kuitanira onse, mawuwo ankafikanso kuno.

"Mukuona? Ali pantchito," anatero. "Lolemba mpaka Lachisanu ndi chonchi. Ikakwana faifi amayamba kuchepetsa. Sanasinthe, bambo anu aja."

Ndinayang'ana bambo a maluwa aja. Iwo anayang'ana pansi.

"Loweruka amangophethira apa ndi apo, amapuma," anapitiriza mayiwo. "Koma Loweruka lapitali anachita zachilendo. Kunangoti zii nthawi yaitali, mpaka ndinaopa. Kenako anandiitana kanayi. Anadikira, n'kuitananso kanayi. Ndinawayankha kuti ndili pano."

Ndinali nditakonza mawu oti nambalayi ikufunika ku ofesi, koma anandithawa onse. Nthawi imene ine ndinkanjenjemera ndekha ku City Centre, mayiwa anali pampandowu akulankhula ndi kugogoda kwanga.

"Ndinu a ku ofesi, eti? Mukawauze kuti asamadumphe chakudya chamasana."

"Ndikawauza, amayi."

Panja bambo aja anatiperekeza mpaka pageti. Anati ana onse ali kunja kwa dziko ndipo amaimba foni Lamulungu. Amdala ankabwera kamodzikamodzi kudzapukuta fumbi m'makinawo, ndipo ndi iwo anatembenuza bokosilo, mayiwo atawapempha.

"Pa zina zonse mutu wa amayi uli bwinobwino," anatero. "Koma apa pokha, ine ndinasiya kutsutsa. Ndimangowapempherera."

Mu galimoto adalaivala sanayatse wailesi. Titafika ndinatsegula buku, ndinayang'ana kamtanda kaja, n'kulitseka. Munthu watsopano amene ankadikira nambala ndinamupatsa nambala ya pulinta ina yomwe inkangovuta.

Chimene sindinauzepo aliyense kuntchito ndi ichi. Loweruka lililonse ndikapezeka ku ofesi, ndisanatseke, ndinkagogoda pa 61 kanayi, kudikira, n'kugogodanso. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena ndinkanamiza munthu wokalamba. Pena ndinkafika kunyumba n'kulephera kudya.

Zinapitirira choncho miyezi yambiri. Kenako akuluakulu anavomera kuti tisamukire ku kalasi B, kuti vuto la manambala litheretu. Zimenezi zinatanthauza kusintha adiresi ya makina aliwonse, ndiye ndinapempha adalaivala kuti tikaonenso ku Area 11.

Tinapeza makatani atachotsedwa, mawindo ali pululu. Bambo a maluwa anali kusesa masamba.

"Mwachedwa, amayi. Mayi aja, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga. Papita masabata atatu."

"Nanga kompyuta?"

"Anaiika m'katoni tsiku lomwelo. Ndinazula ndine. Ili m'galaja umo."

Anandionetsa. Katoniyo inali yomata ndi tepi, pamwamba pali fumbi ndi ndowe za nalimata. M'chipinda chowerengera waya unali lende pakhoma, wosalumikizidwa ku kalikonse.

Ine ndinali nditagogoda Loweruka lapitalo, masiku anayi okha m'mbuyomo, ndipo ndinayankhidwa. Pobwerera ndinadziwerengera zifukwa. Mwina wina wa ku ofesi anabwera ndi laputopu yake n'kudzisankhira 61 osandiuza. Zimachitika. Mwina bambo aja anasokoneza masabata. Titafika ndinakhala pampando wanga n'kulemba adiresiyo. Sinayankhe. Ndinayesanso mawa lake, osayankha.

Ndinakwera padenga ndi sipanala n'kumasula kambale kaja. Kumapeto kwa sabatayo tinasintha nyumba yonse, ine ndi anzanga awiri ochokera kunthambi ina, ndipo pofika Lamulungu madzulo makina onse anali ndi manambala oyamba ndi 172. Mwezi wotsatira ndinapita ku Mchinji kukaona amdala. Ndinawapeza pakhonde, atawafunditsa bulangeti m'miyendo. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira padenga mpaka pakatoni. Anamvetsera osaphethira. Nditafika pa za Loweruka lomaliza lija, anakweza dzanja lawo labwinolo n'kundigwira pamkono mwamphamvu, milomo ikuyesayesa. Mkazi wawo anati atopa, ndiwasiye apume, ndipo anandiperekeza kukakwera minibasi.